Mpiringidzo wa ku Riedlach

Riedlach, 13 Okutobala 1957

Okondedwa Amayi,

Choyamba ndifunse za moyo wanu ndi wa mng'ono wanga Burgi. Chifuwa chija chakusiyani? Ine kuno ndili bwino, kungoti mapazi anatupa masiku oyamba chifukwa nsapato za kuntchito n'zachimuna.

Ndinafika bwino ngakhale ndinasintha sitima katatu. Pa Augsburg ndinakhala pabenchi maola awiri osafunsa munthu, kuopa kuti aseka kalankhulidwe kathu ka kunkhalango.

Ntchito yake ndi iyi. Njanji yaikulu yopita kumapiri imadula mudzi uno pakati. Tchalitchi ndi nyumba yopangira tchizi zili tsidya lina, alimi ambiri ali tsidya linalo. Pamene msewu ukuwoloka njanji pali kanyumba kanga, muli lamya, belu ndi mbendera yofiira, ndipo panja pali mipiringidzo iwiri, wina uku wina uko. Lamya ikalira kuchokera ku siteshoni ndimabwereza mawu onse amene andiuza, kenaka ndimapukusa chitsulo mpaka mipiringidzo itagona. Sindiloledwa kutsegula ndisanaone ndi maso anga bogi yomaliza ya sitima itadutsa.

Bwana wa siteshoni ndi bambo Sirch. Tsiku loyamba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kundiitana ndi dzina la Atate, ati, "Iwe Pongratz, pakamwa uli napo? Pa lamya sitigwedeza mutu ayi." Onse mu ofesi anaseka. Anandiuza kuti ndili pa mayeso mpaka kutha kwa Malichi. Ndikapanda kulakwitsa andilemba ntchito yokhazikika, ya malasha aulere, tikiti yobwerera kwathu ndi penshoni. Ndikalakwitsa kamodzi kokha, ndinyamule sutikesi. Mukudziwa nokha kuti chimwalirireni Atate kophwanya miyala kuja, tilibenso kwina koyang'ana.

Ndikugona kwa mayi Haggenmüller, amasiye, alimi a ng'ombe. Ali ndi ana aamuna awiri, Magnus ndi Korbinian. Chipinda changa chili pamwamba pa khola, choncho n'chofunda.

Ndatumiza ndalama, mamaki 40, pa positi. Mugule galasi la windo la kuchipinda chisanu chisanafike. Mbuzi musagulitse, ngakhale amalume atanena zotani.

Ndine mwana wanu,
Emerenz

Riedlach, 24 Novembala 1957

Okondedwa Amayi,

Kalata yanu ndinalandira ndipo ndaiwerenga kanayi. Ndakondwa kuti chifuwa chachepa. Nanenso ndili bwino. Chipale chofewa chagwa kale kuno, ndiye m'mawa uliwonse ndimayamba ndasesa pa njanji ndi kuthira mchere.

Mwafunsa ngati anthu akundilandira. Ena inde. Ena akuti ndimatseka msanga. Akuti mdala amene analipo kale ankati ukamukuwira amakutsegulira pang'ono kuti uzembe. Mayi wina wa pagolosale anandiuza pamaso pa anthu kuti, "Mtsikana iwe, watsekera mudzi wonse m'khola ngati nkhuku." Ndinangolipira sopo wanga n'kutuluka. Sopo kuno ndi wodula kuposa kwathu ndi mafenigi khumi.

Amene amavuta kwambiri ndi Korbinian. Ndiye amaperekeza mkaka ku nyumba ya tchizi pa ngolo, ndipo tsiku lililonse amafika ndendende pamene ndangotseka kumene. Amaima pangolo n'kuvula chipewa, amvekere, "Mwadzuka bwanji, a bwanamkubwa? Tiloleni anthu osaukafe tiwoloke, mkaka wayamba kale kusanduka tchizi." Ine ndimangoyang'ana ku njanji. Dzana anati, "Kodi kunkhalango kwanuko anthu amabadwa ndi mano? Sindinaonepo ako." Ndinaseka, Amayi, ndinalephera kudzigwira. Iye anakuwa mpaka hatchi inadzidzimuka, ati, "Alipo! Anthuni, ali nawo!"

Mbaula ya m'kanyumba kanga inkafuka utsi. Iye anabwera Loweruka n'kuikonza, osafunsidwa. Musaganize zina. Ndangokuuzani chifukwa munafunsa ngati ndikuzizidwa.

Mayi Haggenmüller ndi olankhula mokalipa koma mtima ndi wabwino. Amandithirira msuzi kawiri. Akuti ndaonda ngati mpini wa tsache.

Ndatumiza mamaki 45 ndi ubweya wolukira. Burgi aluke masokosi ake, asayende ndi obooka aja ku sukulu. Pa Khirisimasi sindibwera, atsopano sitipuma.

Mulungu akusungeni.
Emerenz

Riedlach, 12 Januwale 1958

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira chaka mwachiyamba ndi mphamvu. Ine ndili bwino. Zikomo chifukwa cha buledi wa mapeyala, ndinagawana ndi a m'nyumba muno ndipo mayi Haggenmüller anafunsa kapangidwe kake.

Kuno kuli piringupiringu. Magnus akukwatira pa 28 mwezi uno, Lachiwiri. Apha nkhumba ziwiri. Ine madzulo ndikaweruka ndimathandiza kusita nsalu za pathebulo. Dzulo mayi anakhuthula chitini cha ndalama zachitsulo pathebulo, zoti mkwati adzaike m'thumba. Mwambo ndi womwe uja wa kwathu: anthu amatchinga msewu ndi chingwe, ukwati sudutsa mpaka mkwati atalipira ndi kuwamwetsa. Kuno amanenanso ngati ife kuti wokana ndalama ya mkwati amatsekera banjalo mwayi. Mayi anati, "Mudzi unotu ndi wa akhwangwala, pofika kutchalitchi akhala atatitchinga kasanu."

Chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti tsikulo ndili pa ntchito, ndipo ukwati uyenera kuwoloka njanji popita kutchalitchi. Misa ndi ya 10 koloko, sitima yothamanga ya kumapiri imadutsa 9.52. Ndawauza kawiri kuti anyamuke msanga. Korbinian anati, "Ukwati wa achimwene anga, sitima ndiyo idikire." Onse anaseka, inenso ndinaseka nawo, koma ndinalemba nthawiyo papepala n'kulikhoma pachitseko cha kukhitchini.

Amayi, munditumizire epuloni yanu ya silika yobiriwira ija, ngati simukuona vuto. Ndikaweruka andiitana kuphwando. Wina wapempha kuti ndidzavine naye gule woyamba. Ndidzaisamala, ndipo ndidzaibweza itachapidwa.

Mayi Haggenmüller dzulo anandigwira tsaya n'kunena kuti, "Nyumba inotu inkasowa mwana wamkazi."

Mamaki 40 ali m'njira. Kwatsala miyezi iwiri ndi theka kuti mayeso athe.

Mwana wanu,
Emerenz

Riedlach, 30 Januwale 1958

Okondedwa Amayi,

Muli bwanji? Ine thupi lili bwino. Musadzidzimuke ndi zimene ndilembe, palibe amene wamwalira. Ndafuna mumve kwa ine musanamve kwina.

Ukwati unachedwa kunyamuka. Anawatchinga ndi chingwe kanayi, ndipo paliponse botolo la kachasu wa mapeyala linkazungulira. Lamya italira ndinabwereza mawu n'kutseka monga mwa masiku onse. Mipiringidzo itangogona, ndinamva malipenga pakona. Ngolo zitatu, mahatchi ovala maliboni, anthu pambuyo.

Ataona mpiringidzo wagona anaombera m'manja. Wina anakuwa kuti, "Onani, wa kunkhalango naye watchinga! Chingwe chaketu n'chachitsulo!" Iwo ankayesa ndikuchita mwambo. Ndinati sitima ikubwera, koma mawu anga mukuwadziwa, ndipo malipenga ankalira. Magnus anatsika akuseka, ati, "Wachenjera, mlamu! Watchinga ndi katundu wa boma, ndiye mtengo ukwere." Anandifumbatitsa mamaki asanu kudzanja lamanzere ndi kapu ya kachasu kudzanja lamanja.

Ndinalandira, Amayi. Manja analandira okha. Munthu ungabweze bwanji ndalama ya mkwati, mkwatibwi akukuyang'ana? Apo ndiye ndinalakwa, chifukwa kwa iwo kulandira ndiye kuti njira yagulidwa. Anakuwa onse kuti, "Walipidwa! Tsegula!" Ine ndinkapukusa mutu. Mipiringidzo imeneyi munthu wamphamvu akhoza kuitukula ndi manja, anaipanga choncho kuti ngolo ikatsekeredwa pakati ithe kuthawa. Munthu wina anatukula woyamba, n'kuthamanga kukatukula wachiwiri. Ngolo zinayamba kuwoloka.

Utsi wa sitima unali utaoneka kale kumapeto kwa dambo. Ndinatsomphola mbendera n'kuthamangira komweko pakati pa njanji. Sindikumbuka kuti ndinagwa kangati. Woyendetsa anandiona patali n'kumanga mabuleki, ine ndinadziponya m'chipale m'mbali. Sitima inakwekwereza mtunda wonsewo. Ngolo ziwiri zinali zitawoloka. Yachitatu, ya oimba, inagundidwa gudumu lakumbuyo n'kugubuduzika. Bambo woimba lipenga lalikulu wathyoka mwendo pawiri.

Woyendetsa atatsika anandidzutsa, kenaka anandinunkhiza. Kachasu uja anali atatayikira pa jasi yanga yonse. Atatambasula dzanja langa anapeza ndalama ija ndikadaifumbata. Anangolemba m'kabuku.

Andichotsa pa mpiringidzo mpaka mlandu utakambidwa pa 20 Febuluwale. Pakali pano ndikupukuta nyali ku siteshoni. Epuloni yanu sindinavale, ili m'pepala lake.

Mundipempherere.
Emerenz

Riedlach, 9 Febuluwale 1958

Okondedwa Amayi,

Ndalandira kalata yanu. Pepani kuti ndakudwalitsani mutu. Ine ndikudya, musade nkhawa ndi zimenezo.

Mwafunsa kuti anatukula ndani. Ndinasiya dala kulemba. Ndi Korbinian.

Apolisi anazungulira mudzi wonse. Anthu makumi asanu ndi limodzi anali pamenepo, koma aliyense akuti ankayang'ana mahatchi. Ena akuti anapeza potsegula. Mawu a woyendetsa sitima akuti mlonda ankanunkha mowa ndipo anali ndi ndalama m'manja. Ndiye nkhani imene ili ku ofesi ndi yakuti ndinamwa, ndinalandira ndalama, n'kutsegula ndekha.

Lachinayi mayi Haggenmüller anandiitanira kukhitchini, n'kutseka chitseko. Anandithirira khofi weniweni, wa alendo uja.

Anati, "Mwana wanga, tikambe ngati akazi. Iwe ukanena kuti unasokonezeka ndi phokoso n'kutsegula, akuchita chiyani? Akuchotsa ntchito, basi. Koma ukatchula mwana wanga, ameneyo ndi wa kundende. Kuseweretsa sitima si mlandu wa faindi."

Ndinati, "Koma mayi, sindinatsegule."

Anati, "Ndani wakana? Ndinalipo, maso ndili nawo. Nanga ndalama sunalandire? Ukanaibweza, bwenzi onse atadziwa kuti si masewera. Aliyense ali ndi kake pamenepa." Kenaka anafewetsa mawu, ati, "Ntchito yoima pamphepo ngati chiopsezo cha mbalame, ndi ntchito imeneyo? Khala pano. Uzikama ng'ombe, uzidya nafe. Ndipo ine si wakhungu, ndimaona mmene chitsiru changachi chimakuyang'anira. Ikatha Pasaka tikhoza kukamba zina."

Amayi, za ndalamazo akunena zoona, ndipo n'zimene zikundidya. Koma wokama ng'ombe kuno amalandira chakudya ndi kangachepe. Sindingathe kumatumiza kanthu. Burgi angasiye sukulu, mbuzi ingapite. Komanso pepala lingalembedwe kuti mwana wa Pongratz anachotsedwa chifukwa cha mowa, pamene Atate sanalawepo n'kamodzi komwe.

Korbinian sakundiyang'ana. Amadyera kukhola. Dzulo tinakumana pamakwerero, popanda pothawira. Ndinati, "Ukanene wekha." Anayang'ana pansi, ati, "Ndinkangofuna anthu aseke, Renzi." Ndimo mmene amatchulira dzina langa. Kenaka anandilambalala n'kupita.

Musandiyankhe kuti ndichite chiyani. Kalata ingafike mochedwa, komanso sindifuna kuti mudzasenze ndinu. Mwezi uno ndatumiza mamaki 30 okha.

Emerenz

Riedlach, 21 Febuluwale 1958

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi Burgi. Ine ndili moyo.

Mlandu unakambidwa dzulo m'chipinda chapamwamba ku siteshoni. Kunabwera bwana woyendera njanji kuchokera kutauni, wa magalasi, ndi wapolisi mmodzi. Bambo Sirch anakhala pakona. Mboni zinali pabenchi pakhonde, chitseko chili chotsegula. A Haggenmüller onse analipo, atavala za kutchalitchi. M'mawa wa tsikulo mayi Haggenmüller anali atandipakira buledi batala wambiri n'kundikonzera kolala ndi manja awo.

Bwanayo anafunsa, "Ndalama munalandira?"

Ndinati inde.

"Chifukwa?"

Ndinati ya mkwati sibwezedwa. Anavula magalasi n'kuyang'ana bambo Sirch, ati, "Kodi kuno sitima zimayendera malamulo kapena maukwati?" Bambo Sirch anati, "Zimatengera tsiku, bwana."

"Mowa munamwa?"

Ndinati ayi, unatayikira pa jasi pothamanga.

"Mipiringidzo munatsegula ndinu?"

Ndinkamva wotchi ya pakhoma. Ndinali nditakonza mawu onse awiri, a inde ndi a ayi, ndipo pokwera makwerero sindinkadziwa kuti atuluke ndi ati. Ndinati, "Ayi, bwana."

"Kwezani mawu, mayi, wolemba sakumva."

Ndinabwereza mokweza. Sindinayambe ndamvapo mawu anga akutero.

"Nanga anatsegula ndani?"

Ndinatchula dzina lake lonse. Pakhonde wina anagwetsa chipewa. Mayi Haggenmüller anati, "Yesu, Mariya," kamodzi kokha. Wapolisi atatuluka kukamuitana, Korbinian anali ataima kale. Sanakane. Anati, "Ndi ine. Iye ankapukusa mutu, tonse tinaona."

Atabalalika anthu, bambo Sirch anandiimitsa pamakwerero. Anati, "Pongratz, tsiku lija ndinafika pamalopo iwe usanabwerere m'kanyumba. Chitsulo chako ndinachipeza chili potseka, chokhoma bwinobwino. Ukananena kuti unatsegula, ndikanadziwa kuti ndi bodza, ndipo munthu wonama sindimuika pa lamya." Ndinafunsa chifukwa chimene sanandiuzire kale. Anati, "Unandifunsa?"

Za ntchito akuti ayankha ndi kalata. Nkhani ya ndalama ija yalembedwa.

Nditafika kunyumba ndinapeza sutikesi yanga ili pakhomo, atalongedza bwino, zovala zonse zopindidwa, epuloni yanu pamwamba. Chitseko chinali chokhoma. Bambo Sirch andilola kugona m'kachipinda kosungira nyali kumbuyo kwa kanyumba kanga. Muzilemba ku siteshoni, osatinso kwa a Haggenmüller.

Mwana wanu,
Emerenz

Riedlach, 30 Malichi 1958

Okondedwa Amayi,

Pepani kuti ndakhala chete mwezi wonse. Makalata anu awiri ndinalandira. Ndinadwala chimfine koma chatha. Ndamva kuti mbuzi yaswa awiri, Mulungu alemekezeke. Kamkazi musunge.

Pepala lafika Lachisanu. Andilemba ntchito yokhazikika kuyambira pa 1 Epulo. Pansi pake alemba chenjezo chifukwa cholandira mphatso pa ntchito, ndipo likhala m'mbiri yanga zaka zitatu. Ndasaina. Malasha anu ayamba kubwera mwezi wa mawa. Muuze Burgi kuti sukulu apitiriza, asiye kulira.

Korbinian anamugamula miyezi itatu, ali kundende ya kutauni. Bambo wa lipenga uja akuyenda ndi ndodo. Pagolosale akandiona amasiya kulankhula, ndiye ndimakagula buledi mudzi wotsatira, pa sitima. Kutchalitchi ndimakhala benchi yomaliza, ndipo imakhala yanga ndekha. Sindikudandaula, ndikungokuuzani mmene zilili. Bambo Sirch anandifunsa ngati ndikufuna kusamutsidwa. Ndinati ndiganize kaye.

Ndinabwerera pa mpiringidzo masabata atatu apitawo. Popeza Magnus ali ndi ntchito za kumunda, mkaka tsopano amaperekeza ndi mayi Haggenmüller okha. M'mawa uliwonse amafika nditatseka, n'kuima patsogolo panga penipeni. Iwo amayang'ana makutu a hatchi, ine ndimayang'ana njanji. Achepa thupi kwambiri. Zitini n'zolemera, ndipo ndimaona mmene amagwirira msana.

Lachitatu sitima ya m'mawa inachedwa. Lamya inali italira, ndinali nditatseka, koma kudambo kunalibe utsi. Kunkagwa mvula yosakaniza ndi chipale. Panapita mphindi zisanu. Kumbuyo kwa mayi Haggenmüller kunaima ngolo zina zitatu. Kenaka anandilankhula, koyamba chichokereni m'nyumba mwawo.

Anati, "Palibe chikubwera. Tsegula, ndanyowa."

Anthu a m'ngolo zina zija anatchera khutu. Ndinkafuna kuwabweretsera bulangeti langa, koma mlonda sachoka pa chitsulo atatseka.

Ndinati, "Sinditsegula, mayi."

Anati, "Ndikudziwa."

Tinadikira mphindi zina zisanu ndi imodzi. Sitima inadutsa, ndinaona bogi yomaliza, ndinatsegula. Anawoloka osacheuka.

Pa Pasaka musabwere, Amayi, kuno kuli bedi limodzi ndipo kukununkha palafini. Ndibwera ndine mwezi wa Meyi ndi tikiti yanga, masiku anayi. Musadzandifunse za Korbinian pamaso pa Burgi.

Ndine mwana wanu,
Emerenz